Zojambula za ku Joubert Park zinagulidwa ndi thukuta la kumigodi

Munthu wotsika basi yochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe pa Park Station mumzinda wa Johannesburg akayenda pang'ono cha kum'mawa, kudutsa pakati pa ogulitsa matimati, masokosi ndi matchaja a foni, amafika pa Joubert Park. Kumapeto kwa pakiyo, pafupi ndi njanji ndiponso depoti ya maminibasi ya mumsewu wa Noord, kuli chinyumba cha miyala yosema chokhala ndi nsanamira zikuluzikulu. Anthu zikwizikwi amachidutsa tsiku lililonse, ambiri osadziwa kuti m'katimo muli chiyani. Chinyumbacho ndi Johannesburg Art Gallery, nyumba ya mzindawu yosungiramo zojambula ndi zosema, yomwe eni mzinda amangoitchula kuti JAG. Imasunga ntchito zaluso zoposa 9,000, kuyambira zojambula za Claude Monet ndi Pablo Picasso, ziboliboli za Auguste Rodin, mpaka zojambula za Gerard Sekoto ndi mitsamiro yamtengo yosemedwa m'midzi ya Atsonga. Kwa zaka zambiri tsopano denga lake lakhala likudontha, zipinda zina zatsekedwa, ndipo chinyontho chalowa m'malo osungira katunduyo. Pali anthu, ena mwa iwo ophunzira ndi okonda Africa, amene amati nyumbayo ingosiyidwa poti ndi ya atsamunda. Ine ndikutsutsana nawo. Chuma chili m'nyumbayo chinalipiridwa ndi anthu akuda amene anakumba golide pansi pa mzindawu, pakati pawo agogo athu ochokera ku Nyasaland, ndipo kuchilekerera kuti chiwole ndiko kuwabera anthu amenewo kachiwiri.

Mbiri yake siibisa kumene ndalama zinachokera. Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, Johannesburg unamera ngati bowa, mzinda wa fumbi, matenti ndi malata. Patangotha zaka 20 unali ndi anthu olemera koopsa, koma iwo ankadziona ngati alendo ongodzatola chuma, ndipo ambiri ankamanga nyumba zawo zenizeni ku London. Mayi Florence Phillips, mkazi wa Lionel Phillips, mmodzi wa akuluakulu a kampani ya migodi ya H. Eckstein and Company, ndiye anaumirira kuti mzindawu ukhale ndi nyumba ya zaluso. Anayenda m'makomo mwa eni migodi anzawo kupempha ndalama, ndipo anthu ngati Otto Beit, Julius Wernher ndi Max Michaelis anasonkha. Ntchito yosankha zogula anaipereka kwa Hugh Lane, katswiri wa ku Ireland amene anali atangotsegula kumene nyumba ya zojambula zamakono ku Dublin mu 1908. Zomwe Lane anagula zinayamba zaonetsedwa ku Whitechapel mumzinda wa London mu 1910, kenako zinakwezedwa m'sitima ndi kudzaonetsedwa ku Johannesburg chakumapeto kwa chaka chomwecho, m'zipinda zobwereka za sukulu ya zamigodi. Nyumba yeniyeniyo anailemba pulani ndi Edwin Lutyens, yemwe pambuyo pake anatchuka pomanga New Delhi, ndipo inatsegulidwa mu 1915 isanathe n'komwe. Chaka chomwecho Lane anafera panyanja sitima ya Lusitania itamizidwa.

Maina a opereka mphatsowo analembedwa m'mabuku, koma ndalama zawo zinali ndi gwero lina lomwe silinalembedwe pakhoma lililonse. Miyala ya ku Witwatersrand ili ndi golide wochepa pa tani iliyonse, ndipo ili pansi kwambiri, choncho phindu linkabwera pokhapokha ogwira ntchito akhale ochuluka ndi olipidwa pang'ono. N'chifukwa chake eni migodi anakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe kwathu kuno tinalidziwa ndi dzina loti Wenela. Ambiri mwa okumba a m'zaka zoyambazo anali ochokera kummwera kwa Mozambique, koma kuyambira 1903 Wenela inayambanso kutenga amuna a kuno. Anthu ochokera kumadera otentha ankafa ndi chibayo m'makomponi mochuluka kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kuno, mpaka chiletsocho chinadzachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Tiyike zinthu ziwiri pafupi. Mu 1913 momwemo, pamene imfa za m'makomponi zinafika pochititsa manyazi ngakhale boma la azungu, ndi pamene khonsolo ya Johannesburg inasaina chikalata cholandira mphatso ya zojambulazo ndi kulonjeza kuti idzazisamala m'malo mwa anthu a mumzindawo. Chithunzi cha Monet cha mitengo yochita maluwa m'nyengo ya phukira ndi bambo wa ku Mzimba kapena ku Dedza wogona pa bedi la simenti m'komponi akutsokomola zili m'buku limodzi la ndalama. Lionel Phillips yemweyo anakhalapo mtsogoleri wa bungwe la eni migodi la Chamber of Mines.

Otsutsa amatenga mfundo yomweyi n'kuitembenuza. Amati ngati nyumbayo inamangidwa pa mitembo ya anthu akuda, ngati inadzazidwa ndi zojambula za ku England ndi ku France pofuna kuphunzitsa azungu a kuno kukonda Ufumu wa Britain, bwanji boma la anthu akuda liwonongerepo ndalama? Mbali yoyamba ya mawuwa ndi yoona, ndipo palibe chifukwa choipaka mafuta. Florence Phillips ndi anzake sankaganizira wokumba mgodi pomwe ankasonkha ndalama, ndipo m'zomwe Lane anagula munalibe ntchito ya munthu wakuda ngakhale imodzi. Koma mapeto omwe otsutsawo akufikapo sakutsatira. Bambo wankhanza akamwalira n'kusiya nyumba yomangidwa ndi ndalama za mbewu zomwe mkazi ndi ana ake analima, anawo sagwetsa nyumbayo pofuna kulanga malemuyo. Amalowamo, n'kuikonza mmene akufunira, chifukwa anaivutikira ndi iwo. Chikalata cha 1913 chinapereka zojambulazo kwa anthu a mumzinda wa Johannesburg, ndipo kuyambira 1994 palibenso amene angatsutse kuti anthu a mumzindawo ndi onse okhalamo. Monet wa ku Joubert Park lero ndi wa mayi wogulitsa chimanga chootcha pageti pa pakiyo monga momwe alili wa loya wa ku Sandton. Nyumbayo ikagwa, eni migodi a 1910 sataya kanthu, poti anagona kalekale ndipo zidzukulu zawo zili ndi zojambula zawozawo m'nyumba zosadontha. Wotaya ndi mayi wa chimanga uja ndi ana ake.

Komanso amene amati JAG ndi nyumba ya zojambula za azungu akukamba za nyumba ya 1915, osati ya lero. Mu 1940 nyumbayi inagula chithunzi cha Gerard Sekoto chotchedwa Yellow Houses, chosonyeza msewu wa ku Sophiatown, ndipo aka kanali koyamba kuti nyumba ya zaluso ya boma ku South Africa igule ntchito ya munthu wakuda. Sekoto anabadwira ku Botshabelo mu 1913, anali mphunzitsi, ndipo anafika ku Sophiatown mu 1938. Pachithunzicho pali makoma achikasu owala ndi dzuwa, msewu wadothi, munthu pa njinga, ana. Palibe chodabwitsa chikuchitika, ndi tsiku wamba m'dera lomwe anthu akuda ankaloledwa kukhala ndi malo awoawo pafupi ndi tauni. Kuyambira mu 1955 boma la tsankho linasamutsa anthu a ku Sophiatown mokakamiza, linagumula nyumba zawo ndi zimakina, n'kumangapo dera la azungu lomwe linatchedwa Triomf. Sekoto anali atachoka kale mu 1947 kupita ku Paris, ndipo anamwalira ku France mu 1993 osabwereranso kwawo. Msewu umene anaujambula kulibenso. Makoma achikasuwo atsala pa kachidutswa kamodzi kopakidwa penti, komwe mdani wake wamkulu ndi chinyontho. Aliyense wonena kuti nyumbayo iwole ayenera kudziwa kuti akunenanso za chithunzi chimenechi.

Sindikufuna kuikometsera mbiriyo kuposa mmene ilili. Chithunzi cha Sekoto chinakhala chokha kwa zaka pafupifupi 30 nyumbayo isanagulenso ntchito ina ya munthu wakuda, ndipo ichi ndi chipsera. Kusintha kwenikweni kunabwera m'zaka za m'ma 1980. Mu 1986, mzindawu ukukwanitsa zaka 100, nyumbayo inakuzidwa ndipo kampani ya Anglo American inapereka thumba la ndalama zogulira ntchito zatsopano, ndalama za migodi kachiwiri. Chaka chotsatira JAG inapeza mitsamiro yomwe m'busa wa mishoni ya ku Switzerland, A. A. Jaques, anasonkhanitsa pakati pa Atsonga. Mu 1988 Steven Sack anakonza chionetsero chotchedwa The Neglected Tradition, chomwe chinafukula maina ndi ntchito za ojambula ndi osema akuda a zaka zambiri m'mbuyomo amene mabuku a zaluso ankangowadumpha. Mu 1991 kunabwera chionetsero cha katundu wa Brenthurst, yemwe banja la Oppenheimer linabwereketsa kwa nthawi yaitali: ndodo, zibonga, timabotolo ta fodya wapamphuno, mikanda, zikho ndi mitsamiro ya kummwera kwa Africa. Kuyambira pamenepo nyumbayo yasunga ntchito za Jackson Hlungwani, Sydney Kumalo, Noria Mabasa, Helen Sebidi, William Kentridge ndi ena ambiri. Mu 2005 inaonetsa ntchito za Dumile Feni, yemwe anafera kunja asanaone ufulu wa dziko lake, ndipo mu 2007 inalandira chionetsero chachikulu cha ojambula a mu Africa yense cha Africa Remix.

Pa mitsamiro paja ndi pofunika kuima pang'ono. Mtsamiro wa Mtsonga ndi kanthu kakang'ono, kotalika ngati chikhato, kosemedwa pa mtengo umodzi: pamwamba popindika pogonekapo khosi, pansi pokhazikika, ndipo pakati pomwe wosemayo ankaonetsera luso lake, nthawi zina ngati miyendo ya nyama, nthawi zina ngati maunyolo olowana osalumikizidwa ndi guluu kapena msomali. Pamwamba pake pamanyezimira chifukwa cha mafuta a m'mutu wa mwini wake. Anthu a mtundu umenewu, a kummwera kwa Mozambique ndi kumpoto kwa Transvaal, ndi omwe ankadzaza makomponi a Johannesburg pa nthawi yomwe Lane ankagula zojambula ku London ndi ku Paris. Ndiye kuti m'nyumba imodzi muli zomwe eni migodi ankati ndi zokongola pamodzi ndi zomwe midzi ya okumba migodiwo inkapanga ndi manja ake. Pa dziko lonse ndi malo ochepa pomwe mwana wasukulu angaime pakati pa chiboliboli cha Rodin ndi mtsamiro wa Mtsonga, n'kufunsa yekha kuti n'chifukwa chiyani chimodzi chili ndi dzina la wochisema pomwe china chilibe. Funso limenelo silingafunsidwe ku Paris mwamphamvu chomwecho, chifukwa mgodi womwe unakumanitsa zinthu ziwirizi uli pansi pa mapazi a mwanayo.

Chomwe chikuopseza zonsezi lero ndi kulekerera. Gawo lomwe linawonjezedwa mu 1986 lili ndi zipinda zolowa pansi ndi denga lomwe lakhala likuvuta, ndipo mbava zakhala zikukanganula mkuwa wa padenga kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Mu 2002 chithunzi cha Tomasi Woyera chochokera m'nyumba yojambuliramo ya El Greco chinabedwa pakhoma. Mu 2011 kunabedwa ziboliboli zamkuwa, chimodzi mwa izo cha Sydney Kumalo. Kumayambiriro kwa 2017 mvula yamphamvu inalowa m'nyumbamo mpaka inatsekedwa kwa kanthawi, ogwira ntchito akuthamanga kuchotsa zithunzi m'makoma onyowa. Mu 2024 mabungwe a Johannesburg Heritage Foundation ndi Friends of JAG analembera khonsolo kudzera mwa maloya kuikumbutsa lonjezo la 1913 ndi kupempha kuti katunduyo asamutsidwe asanawonongeke. Wosadziwa angaganize kuti chithunzi chimawonongeka pokhapokha madzi achigwere. Chinsalu chojambulapo chimatupa kukakhala chinyontho n'kufota kukauma, penti ya pamwamba siitha kutsatira, imang'aluka n'kuyamba kuyoyoka. Pepala limachita mawanga ndi nkhungu. Mtengo umang'ambika. Zimachitika mwakachetechete m'chipinda chotseka, ndipo pofika poti anthu aone, chomwe chatayika sichibwerera. M'zaka zomwezi zithunzi zotchuka za JAG zakhala zikuyenda m'mizinda ya ku Italy ndi ku South Korea, komwe anthu ankalipira ndi kufola kuti azione, pomwe kwawo zinalibe khoma louma lopachikapo.

Mfundo yolemera kwambiri ya otsutsa ndi ya njala, ndipo iyenera kuyankhidwa mwaulemu. Johannesburg ndi mzinda womwe mipopi imauma, magetsi amathima, ndipo anthu amagona m'nyumba zosanja zosiyidwa zopanda madzi. Mu Ogasiti 2023 moto unapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mtunda woyenda wapansi kuchokera ku Joubert Park, ndipo pakati pa omwalirawo panali Amalawi. Pamaso pa maliro otere, ndani angalimbe mtima kupempha ndalama za denga la zithunzi? Yankho langa n'lakuti madenga awiriwa ali ndi nthenda imodzi. Nyumba ya Usindiso inali ya khonsolo, monganso JAG ili m'manja mwa khonsolo, ndipo zonse ziwiri zinafika pomwe zinafikapo chifukwa mwini wake analeka kuyang'anira katundu wake. Bajeti ya mzindawu imaposa marandi 80 biliyoni pa chaka. Kukonza denga la nyumba imodzi ndi kadontho m'nyanja imeneyo, ndipo pa zaka zonse zomwe dengalo lakhala likudontha palibe umboni woti ndalama zomwe sizinapite kumeneko zinamanga nyumba za osauka. Mzinda womwe sutha kusunga denga limodzi lomwe dziko lonse likuliyang'ana sungakhulupirike pa madenga a anthu omwe palibe akuwayang'ana. Osauka a m'katikati mwa tauni sapindula kanthu nyumbayo ikatsekedwa. Amangotaya malo amodzi mwa ochepa m'dera lawo omwe munthu ankalowa osalipira, n'kukhala phee, popanda womufunsa kuti agula chiyani.

Ena amati bwanji osagulitsa Monet ndi Picasso, ndalamazo n'kukonzera nyumbayo ndi kugulira ntchito za Aafirika? Maganizowa amamveka anzeru, koma ndi ofanana ndi kugulitsa munda pofuna kugula feteleza. Zojambulazo khonsolo inazilandira ngati msungi, ndipo msungi wa chuma cha masiye akayamba kugulitsa mbuzi imodzi pa chifukwa chomveka, khola limatha pa zifukwa zomvekanso. Chithunzi cha Monet chikagulitsidwa pa msika wa ku London kapena ku New York sichidzabwereranso mu Africa, chifukwa palibe nyumba ya boma kuno yomwe ingapikisane ndi mitengo ya kumeneko. Tikudandaula, ndipo m'pomveka, kuti zosema za ku Benin ndi za ku Congo zili m'mizinda ya ku Ulaya komwe ana athu sangafike. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti pa nthawi yomweyo titumizenso kumeneko zochepa za ku Ulaya zomwe zili kuno, zomwe Aafirika analipira kale ndi mapapo awo.

Pa nkhani yosamutsa, ndikugwirizana ndi onena kuti katunduyo achotsedwe msanga m'zipinda zonyowa ndi kusungidwa pouma, moyang'aniridwa ndi akatswiri, chinthu chilichonse chitalembedwa ndi kujambulidwa chisanakwere galimoto. Koma kusamukako kukhale kwa kanthawi, ndipo tsiku lobwerera lilembedwe. Pali chilakolako china chomwe sichinenedwa poyera kawirikawiri, chofuna kuti zojambulazo zikakhazikike kumpoto kwa mzinda, ku Rosebank kapena ku Sandton, komwe kuli poimika galimoto ndi alonda, poti Joubert Park ndi yodzaza ndi yoopsa. Kunena zoona deralo ndi lovuta. Koma taonani mmene zinthu zinayendera. Pamene Joubert Park inali paki ya azungu, nyumbayo inali pakati pa omwe ankaitcha yawo. Azungu atachoka m'katikati mwa tauni m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, n'kulowamo anthu a ku Soweto, a ku Limpopo, a ku Zimbabwe, a ku Congo, a ku Malawi, nyumbayo kwa nthawi yoyamba inapezeka pakati pa zidzukulu za omwe anailipira. Kuichotsa tsopano kungatanthauze kuti zokongola zimatsata olemera kulikonse komwe asamukira. Lutyens analozetsa khomo lalikulu la nyumbayo kunjanji, kufulatira paki, ndipo mpanda wachitsulo womwe unadzaikidwa pambuyo pake unawonjezera kuilekanitsa ndi anthu opuma pa kapinga. Chofunika kukonzedwa ndi chimenecho: khomo lotseguka kupaki, magetsi ndi alonda m'misewu yozungulira, mabasi obweretsa ana asukulu, ndi mawu ofotokoza zithunzi olembedwa m'zinenero zomwe zimamveka pa depoti ya Noord.

Wowerenga wa ku Malawi angafunse kuti zimenezi zikutikhudza bwanji ife, ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Banda anaimitsa kulemba anthu. Kulemba anthuko kunayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la Theba, n'kudzatha mu 1988. M'midzi yambiri mukadali nkhalamba zomwe zinabwera ndi njinga, wailesi, bulangete ndi chifuwa chosatha, ndipo zambiri zikudikirabe ndalama zawo. Mgwirizano wa marandi 5 biliyoni womwe makampani a golide anavomera mu 2018 wolipira odwala matenda a fumbi la m'mgodi ndi chifuwa chachikulu, womwe unabala bungwe la Tshiamiso Trust, ndi wa anthu ngati amenewa. Sindikunena kuti chithunzi pakhoma chingalowe m'malo mwa chipukuta misozi. Ngongole ya ndalama ilipidwe ndi ndalama, ndipo ilipidwe eni ake akadali moyo. Ndikunena kuti mwa zonse zomwe golide uja anagula, nyumba za ku London, mahatchi a mpikisano, masheya a m'mabanki, ndi zochepa kwambiri zomwe zinasanduka za anthu onse, zoti mdzukulu wa munthu wa Wenela angalowemo popanda womuletsa. JAG ndi chimodzi mwa zochepazo. Mabungwe a anthu omwe anagwirapo ntchito kumigodi, a ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Lesotho, ali ndi mawu pa nyumbayi mofanana ndi mabungwe osunga mbiri a ku Johannesburg, ndipo akazembe a maikowa ku Pretoria angathe kufunsa khonsolo mwaulemu kuti dengalo likonzedwa liti. Makampani a migodi omwe maina awo ali m'mabuku a nyumbayo akadalipo, ena pansi pa maina atsopano, ndipo ayenera kusonkhanso. Nyumbayo ikadzatsegulidwa youma, pakhomo pomwe pamatchulidwa Phillips, Beit ndi Wernher padzalembedwenso maina a maboma omwe Wenela inkatengako anthu: Gaza, Inhambane, Mzimba, Dedza, Ntcheu, Mulanje.